Mawu achizungu oyamba mofanana akamakusokonezani, yesani izi

Vuto ili limabwerabwera ndipo silisankha, wa Fomu 2 limamugwira, wa digiri limamugwiranso. Mwaona liwu lachizungu, zilembo zitatu kapena zinayi zoyambirira mukuzidziwa bwinobwino, mutu wathamanga kale kukupatsani tanthauzo, kenako muzindikira mochedwa kuti liwulo si lija mumaganiza. Confirm ndi conform. Principal ndi principle. Expect ndi except. Personal ndi personnel. Zimaoneka zazing'ono koma ndi zomwezi zimadyetsa ana malikisi pa MSCE, pomwe paja ukalakwa Chingerezi satifiketi palibe olo masamu utakhoza bwanji, ndi zomwezinso zimapangitsa kalata yofunsira ntchito kuponyedwa pambali abwana asanafike nkomwe ndime yachiwiri.

Choyamba chotsani maganizo oti ndinu mbuli. Maso a munthu akamawerenga sayenda chilembo ndi chilembo ayi, amadumphadumpha, amagwira kumutu kwa liwu nkusiyira ubongo kuti umalize wokha, nde ngati mawu awiri akufanana kumutuko ubongo umangotola lomwe unalizolowera. Olo eni chiyankhulocho zimawavuta ndithu. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA mu 2001 linapempha makampani kuti mayina a mankhwala ofanana azilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pamene asiyanira, nchifukwa chake pa mabotolo ena mumaona chlorproMAZINE ndi chlorproPAMIDE, oyambawo ndi a matenda a maganizo enawo ndi a shuga, kapena hydrALAZINE wa BP ndi hydrOXYzine wa ziwengo. Madokotala ndi manesi, chizungu chobadwa nacho, koma anachita kuwakulitsira zilembo kuti asaphe anthu. Nde inu musadzione kupepera.

Gwero lake ndi loti chizungu chinabwereka kwambiri, mawu opitilira theka anachokera ku Chilatini ndi Chifalansa. Chigumula chenicheni chinayamba mu 1066 pomwe William wa ku Normandy anagonjetsa England, kwa zaka mazana angapo mafumu ndi makhoti a kumeneko ankayendera Chifalansa, tchalitchi ndi anthu ophunzira Chilatini. Mawu obwerekawo anabwera ndi timitu tawo, con-, pre-, pro-, ex-, in-, de-, dis-, re-, timitu tochepa koma tomatidwa pa mawu masauzande. Kuyamba mofananaku kuli ngati mfunda, a Phiri a ku Dowa ndi a Phiri a ku Chipata mwina kalekale analidi amodzi koma lero simungakalonjerere ngongole ya uyu kwa uyo.

Chomwe chimandidabwitsa ine ndi choti ife a Chichewa ntchito yodula mitu ya mawu timaidziwa kuposa mzungu. Ndinapita, ndinaphika, ndinagwa, onsewa ayamba ndi ndina- koma palibe mwana olo wa Sitandade 1 angati ndi amodzi, khutu limadumpha ndina- uja nkukagwira tsinde. Aphunzitsi a Chichewa anatikhomerera za aphatikiri ndi tsinde la mneni mpaka kutopa nazo. Koma tikangofika pa chizungu luso lonselo timalisiya pakhomo, timameza liwu lathunthu osatafuna.

Dulani kamutu muone chatsala

Liwu likakukayikitsani phimbani zilembo zoyambazo ndi chala. Ngati chatsalacho ndi liwu lachizungu loima palokha, nthawi zambiri kamutuko kakugwira ntchito yake yeniyeni. Unhappy, mwaphimba un- kwatsala happy, basi wosakondwa. Dishonest, misuse, rewrite, prepaid, zonsezi zimayenda bho. Ingodziwani kuti un- ali ndi ntchito ziwiri, pa mawu ofotokoza mmene chinthu chilili amakana, pa mneni amabweza zomwe zinachitika, lock ndi unlock, tie ndi untie, ndendende tseka ndi tsegula, manga ndi masula, vala ndi vula.

Chatsalacho chikakhala chosamveka imani kaye. Uncle mukadula un- kutsala cle, palibe chilipo apo. Uniform, university, union, unit, awa si a un- koma a uni- kutanthauza chimodzi, yunifomu ndi maonekedwe amodzi basi. Pretty alibe pre-, mister alibe mis-, ready alibe re-, ndipo impala olo imayamba ngati impossible ndi nswala chabe, liwulo azungu anakalitenga ku Chizulu.

Palinso ena amadulika bwinobwino koma nkukunamizanibe. Disappoint si kuchotsa munthu pa udindo, ndi kukhumudwitsa. Display si kusiya kusewera, ndi kuonetsa. Recover ndi kuchira kapena kupezanso chomwe chinatayika, osati kuvundikiranso. Nde mukadula musathere pomwepo, tanthauzo mwapezalo liikeni mu chiganizo chonse mulimve, likamveka zopusa ndiye kuti ndi zopusadi, tsegulani dikishonale.

Chigawenga chachikulu ndi in-

Apa ndichedwapo chifukwa apa munthu atha kupsa zenizeni. Mathiraki onyamula mafuta aja amachokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ambiri kumbuyo kwake amalemba "highly inflammable". Munthu akudziwa kuti invisible ndi chosaoneka, incorrect ndi cholakwika, incomplete ndi chosatha, nde mwachilungamo chake akuti inflammable ndi chosayaka. Ayi ndithu, ndi choyaka msanga kwambiri, tanthauzo lake ndi limodzi ndi flammable. Chimene chinachitika ndi choti Chilatini chinali ndi ma in- awiri olembedwa chimodzimodzi, wina wokana, wina wotanthauza mkati kapena kulowetsa, ndipo inflammable ndi wa gulu lachiwirili, kulowetsa chinthu m'moto, m'bale wake ndi inflammation, kutupa kuja kotentha kofiira. Akatswiri a zozimitsa moto ataona kuti anthu akusokonezeka anayamba kulimbikitsa zoti pazilembedwa flammable, chinthu chosayaka nkumalemba non-flammable. Mukaona lililonse mwa awiriwa pa chigubu cha petulo, pa chitini cha penti kapena pa silinda ya gasi, fodya ndi mbaula kutali.

Invaluable nayenso anakwiyitsapo anthu osalakwiridwa. Abwana akalemba kuti "your contribution was invaluable" sakunyozani, akunena kuti zomwe munachita ndi zamtengo wapatali zosati nkuziikira mtengo, akanafuna kunyoza akanati worthless. Infamous si munthu wosatchuka, ndi wotchuka ndithu koma ndi zoipa. Inhabitable ndi malo oti munthu atha kukhalamo, osakhalika ndi uninhabitable.

Njira yowasiyanitsira ma in- awiriwa ilipo ndipo imagwira nthawi zambiri. Liwu likakhala mneni, chinthu chochita, in- amakhala wa mkati uja, inject, include, insert, inhale, invite, invest. Likakhala lofotokoza mmene chinthu chilili ndipo mukadula kwatsala liwu lathunthu, amakhala wokana, inactive, insecure, informal. Opandukira lamuloli ndi ochepa ndipo odziwika kwambiri ndi anayi ndatchulawa, alowezeni basi, osavutika kuwafunira nzeru.

Musadabwenso kuona in- akusintha malaya. Kutsogolo kukakhala b, m kapena p amasanduka im-, impossible, immature, imbalance. Kukakhala l amasanduka il-, illegal, illiterate, kukakhala r ndi ir-, irregular, irresponsible. Ndi milomo chabe kufuna zophweka, mmene ifenso timati mbuzi ndi mphasa koma ndege ndi nkhuku. Ndipo poti tafika pa im-, chonde a MC a pa ukwati, important ndi impotent ndi mawu awiri osiyana, mukamaitana alendo olemekezeka litchuleni mofatsa, mphamvu ikhale pakati pa liwu osati kumayambiriro.

Chatsalacho si liwu koma chikuonekaoneka

Gulu lalikulu la mavuto lili apa, mawu a con-, ex-, pre-, pro-, de- omwe mukadula kumatsala kachidutswa ngati -port, -ject, -spect. Tizidutswa timeneti ndi matsinde a Chilatini ndipo ndi pamene pagona tanthauzo. Anthu amalimbana ndi kuloweza mawu mahandiredi pomwe akanangogwira matsinde ochepa.

Tengani -port, ndi kunyamula. Import kunyamula kulowetsa m'dziko, export kutulutsa, transport kunyamula kuwolotsa, thiransipoti yathu ija, report kunyamula nkhani kubwerera nayo kwa okutuma. Deport ndi kunyamulidwa kuchotsedwa m'dziko la eni, abale athu a ku Joni amene anagonako ku Lindela ku Krugersdorp amalidziwa bwino liwu limeneli, ndipo nlosiyana ndi depart komwe ndi kunyamuka wekha mwa kufuna kwako, chilembo chimodzi chokha koma ulendo wake wosiyana kutalitali. Tsinde la -ject ndi kuponya, inject kuponya mkati, jakisoni uja, reject kuponya kubweza, eject kuponya kunja. La -tract ndi kukoka, thirakitala ndi chokoka, attract kukokera kwa iwe, subtract kukoka kuchotsa, extract kuzula ngati dzino. La -scribe ndi kulemba, ndipo apa pali msampha, prescribe ndi dokotala kukulemberani mankhwala koma proscribe ndi kuletsa mwalamulo.

Tsopano bwererani kwa aja amavuta aja. Confirm muli firm, kulimba, nde ndi kutsimikiza, mumachita confirm tsiku la intavyu kapena nambala musanatumize ndalama pa foni. Conform muli form, maonekedwe, nde ndi kutsata mmene ena onse akuchitira kapena mmene lamulo likunenera. Expect ndi wa banja la -spect, kuyang'ana, limodzi ndi inspect ndi suspect, s anangomezedwa ndi x, nde ndi kuyang'anira kunjira, kuyembekezera. Except ndi wa banja la -cept, kutenga, kutenga nkuika kunja, kupatula. Precede ndi kutsogola, kubwera chinzake chisanabwere, proceed ndi kupitiriza. Prosecute ndi kuzenga mlandu kukhoti, ntchito ya ofesi ya mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, Director of Public Prosecutions uja, persecute ndi kuzunza munthu chifukwa cha chipembedzo, mtundu kapena ndale zake. Zikwangwani zina za pa mipanda zimalonjeza kuti wolowa popanda chilolezo adzakhala persecuted, eni ake amafuna kunena za khoti koma alemba za nkhanza.

Timitu tofanana nkhope koma totsutsana

Awa ndi oopsa kuposa onse chifukwa mukaphonya simuphonya pang'ono, mumamva zotembenuza. Hyper- ndi kupyola muyezo, hypo- ndi kuchepera. Hypertension ndi BP yokwera, kuyambira 140/90 kupita m'mwamba, hypotension ndi yotsika, pansi pa 90/60. Kwa amene mukusamala wodwala shuga kunyumba izi musazitenge mwachibwana, hyperglycaemia ndi shuga wokwera, hypoglycaemia ndi shuga wotsika pansi pa 4 pa kamakina koyezera kaja ngati kamawerenga mu mmol/L, munthu amanjenjemera, thukuta kamukamu, njala, chizungulire, ndipo ngati akadali maso ndipo akutha kumeza amafunika chotsekemera pompopompo. Mukawerenga mothamanga pepala la kuchipatala nkutembenuza awiriwa mumumana shuga munthu amene akufunika shuga. Pa mawu a kuchipatala a hyper- ndi hypo- ikani chala pa chilembo chachinayi, e ndi kukwera, o ndi kutsika.

Ante- ndi anti- nawonso. Ante- ndi chisanachitike, antenatal ndi sikelo ya amayi oyembekezera asanachire, olo a.m. wa pa wotchi uja a wakeyo ndi ante, dzuwa lisanafike pamutu. Anti- ndi kulimbana nacho, antibiotic, antiretroviral omwe timangoti ma ARV, Anti-Corruption Bureau. Wolemba kuti anti-natal clinic walemba chipatala chodana ndi kubereka. Anticipate ndi antique olo amalembedwa ndi i ndi a banja la ante-, za kutsogola ndi za kale, ndipo antelope sali ku mbali iliyonse, ndi nyama basi.

Inter- ndi pakati pa zinthu ziwiri kapena zingapo, international, intercity. Intra- ndi mkati mwa chinthu chimodzi, nchifukwa chake m'buku la kuchipatala IV ndi intravenous, mankhwala olowa mumtsempha ngati dripu, IM ndi intramuscular, jakisoni wa mu mnofu, wa pathako uja ana amathawa.

Kusiyana kukakhala kumchira

Pena mutu ndi thupi lonse nzofanana, chala chanu chisamukire kumapeto. Employer ndi wolemba ntchito, employee ndi wolembedwa, -er ndi wochita -ee ndi wochitiridwa, trainer ndi trainee, payer ndi payee, interviewer ndi interviewee. Pa fomu ya kubanki kapena pa kontirakiti yang'anani kawiri musanasaine, anthu amasaina pa mzere wa abwana. Referee ndiye amaseketsa, malonda a ntchito m'nyuzi akati "three traceable referees" sakufuna oimbira mpira, akufuna anthu atatu okudziwani oti akawaimbira foni akuikireni umboni, ndipo referral ndi kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu.

Confident ndi wodzidalira, confidential ndi zachinsinsi. Considerate ndi woganizira anzake, considerable ndi chochuluka ndithu. Sensible ndi wanzeru zake, sensitive ndi wosachedwa kukhudzidwa. Economic ndi za chuma cha dziko, economical ndi chosawononga, kagalimoto kosamwa mafuta. Industrial ndi za mafakitale, industrious ndi wolimbikira ntchito, nde mu kalata yofunsira ntchito musadzitche industrial. Respectful ndi wopereka ulemu, respectable ndi woyenera kupatsidwa ulemu, respective alibe nazo ntchito za ulemu, amatanthauza aliyense chake. Complaint ndi dandaulo, complainant ndi wodandaulayo kukhoti kapena kupolisi, compliant ndi womvera malamulo.

Ena amamveka chimodzimodzi m'khutu nde kutchula sikungakuthandizeni, pamafunika kachizindikiro kanu. Principal ndi mkulu wa koleji kapena ndalama yeniyeni ya ngongole chiwongoladzanja chisanaikidwe, principle ndi mfundo yomwe munthu amayendera, ndipo amathera le ngati rule. Kalata yopita ku koleji yoyamba ndi "The Principle" yadziwonongera mbiri pa mzere woyamba. Stationery wa e ndi makope, zolembera ndi ma envelopu, gwirani e wa envelopu, stationary wa a ndi chinthu choima malo amodzi. Mashopu angati m'matauni mwathu ali ndi chikwangwani chogulitsa zinthu zoima? Council ndi khonsolo ndipo councillor ndi khansala, counsel ndi uphungu kapena loya, counsellor ndi mlangizi ngati wa koyezetsa magazi uja. Personal ndi za inu mwini, personnel ndi ogwira ntchito onse pa kampani, n awiri. Advice wa c ndi dzina, malangizowo, advise wa s ndi mneni, kulangiza, ndipo pa chizungu cha ku Britain chomwe timalemba kusukulu kwathu lamulo lomweli limagwira pa practice ndi practise komanso licence ndi license.

L ndi r, matenda athu a pamtundu

Izi tisabisane. M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo, malamulo a kalembedwe amangoti r azibwera pambuyo pa e ndi i, kwina konse l, koma munene kulira kapena kulila aliyense amva. Khutu lathu silinaphunzitsidwe kuti pamenepa pali nkhani. Nde collect ndi correct kwa ambirife ndi liwu limodzi, uthenga umabwera woti "come and correct your parcel" ngati katunduyo walakwitsa mayeso. Chimodzimodzi alive ndi arrive, play ndi pray, glass ndi grass, cloud ndi crowd, bleed ndi breed, flesh ndi fresh, ndipo nthawi ya zisankho elect ndi mnzake uja amachititsa manyazi pa mapositala.

Apa musadalire khutu, lidzakunamizani mpaka kale. Liwu lililonse limangirireni kwa lina lomwe simulakwitsa. Correct ali ndi r ngati right ndi wrong, zonse za kuchonga. Pray ali ndi r ngati priest. Fresh ali ndi r ngati fridge. Glass ndi galasi lathu lomweli, l ali pomwepo. Arrive ali ndi r awiri ngati arrival ya pa bwalo la ndege. Zikuoneka zachibwana koma dzanja limazolowera, pakapita nthawi limalemba lokha khutu lisanafunsidwe.

Foni nayo ili ndi mlandu

Mwalemba zilembo zinayi, kiyibodi yakupatsani mawu atatu pamwamba, chala chadina lapakati osawerenga. Kapena mwalemba definately, molakwika, foni mwa nzeru zake yakonza kukhala defiantly, nde mmalo monena kuti mubweradi mwauza abwana kuti mubwera mwamwano. Marital status pa fomu kusanduka martial, za ukwati kusanduka za nkhondo. Manager kusanduka manger, chodyera ng'ombe. Diary ndi dairy, trial ndi trail, quite ndi quiet, ndi gulu lija la though, thought, through, thorough. Kamzere kofiira ka pa kompyuta sikagwira zimenezi chifukwa onsewa ndi mawu enieni olembedwa bwino, kamangoona sipelo, sikadziwa chomwe mumafuna kunena.

Chochita, zimitsani zoti foni izikukonzerani yokha. Pa kiyibodi ya Gboard, ya mafoni ambiri a Android, lowani mu Settings mufufuze Auto-correction muzimitse, pa iPhone ndi Settings, General, Keyboard. Mawu oonekera pamwamba aja asiyeni, koma kusankha kukhale kwanu, phindu lina Chichewa chanu chisiya kusandutsidwa zinthu zachilendo. Chiyankhulo cha kiyibodi ndi cha Word chiikeni pa chizungu cha UK kuti chisamalimbane ndi licence ndi practise wanu. Ndipo chinthu chofunika ngati CV musatumize mutangomaliza kulemba, chisiyeni chizizire, mukabwerera muchiwerenge kuyambira liwu lomaliza kubwerera m'mbuyo. Zimatopetsa zedi koma ubongo umalephera kulosera, umakakamizika kuona liwu lililonse mpaka kumchira. Paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwadula, mwaona kumchira, koma zikukanabe

Nde yang'anani mawu oyandikana nalo. Mawu achizungu ambiri ali ndi anzawo oyenda nawo ndipo mnzakeyo ndi amene amaulula. Consist amayenda ndi of, comply ndi with, conform ndi consent amayenda ndi to, consult safuna kanthu pakati, mumangoti consult a doctor. Mafunso osankha yankho pa mayeso a Chingerezi amakonda pomwepa, akupatsani mawu anayi onse oyamba ndi con- kapena com-, ana nkuyamba kutuluka thukuta kufuna tanthauzo la lililonse, chonsecho kaliwu kakang'ono kali kutsogolo kwa mpatawo kachotsa kale atatu. Werengani chomwe chili kumanja kwa mpata musanayang'ane mayankho.

Oyandikana nawowa ndi okhawo angakupulumutseni pa mawu omwe ndi limodzi lomwelo koma matanthauzo awiri. Outstanding performance ndi kuchita bwino kwambiri, outstanding balance ndi ngongole yotsala, nde kalata ya kusukulu ikanena za outstanding fees musayambe kululutira. Oversee ndi kuyang'anira ntchito, overlook ndi kuphonya osaona, ndipo oversight amatha kukhala zonse ziwiri, komiti ya ku Nyumba ya Malamulo ikamachita oversight ikuyang'anira, kalaliki akati "it was an oversight" akupepesa kuti anaphonya. Resign ndi kutula pansi udindo, re-sign wa kamzere ndi kusainanso, okonda mpira mumazidziwa, mutu wa nkhani umodzi utha kukuuzani kuti osewera wapita kapena wakhala kutengera kamzere kokhako, ndipo pa Facebook kamzereko anthu saika. Refuse mphamvu ikakhala kumapeto ndi kukana, ikakhala kumayambiriro ndi zinyalala, zofanana ndi mmene ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, zilembo zomwezo koma mawu kukwera mosiyana. Uthenga wa kubanki nawo, debited ndi kuti zachoka, credited ndi kuti zalowa, ndipo debit si debt olo akuoneka pachibale.

Za dikishonale ndinene pang'ono. Mawu ali moyandikana pa tsamba chifukwa cha a b c basi, osati chifukwa cha tanthauzo, nde mukafuna liwu limodzi werenganinso la pamwamba pake ndi la pansi pake, ndi omwewo adzakusokonezeni mawa. Ndipo mukamalemba mu kope lanu musalembe liwu ndi tanthauzo lokha, lembani awiri osokonezawo pamodzi, lililonse mu chiganizo chanuchanu cha zinthu za kwanu, pamene asiyanira mulembe ndi zilembo zikuluzikulu ngati mmene achitira a mankhwala aja, conFIRM ndi conFORM, stationEry ndi stationAry. Mndandanda wautali wa mawu onse oyamba ndi con- woloweza usiku umodzi, umene ena amagawana m'magulu a WhatsApp nthawi ya mayeso, ine ndimaona kuti umangowonjezera chisokonezo, mwaunjika ofanana onse malo amodzi popanda chowasiyanitsa.

Pali kagulu kamodzi komwe olo dikishonale imakweza manja, mawu a bi-. Biannual ndi kawiri pachaka, biennial ndi kamodzi pa zaka ziwiri, apo zilipo bwino. Koma biweekly amatanthauza kawiri pa sabata komanso kamodzi pa masabata awiri, bimonthly chimodzimodzi, kawiri pamwezi kapena kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo matanthauzo onsewo ndi ovomerezeka. Nde liwu limeneli mukaliona pa pepala la ngongole, la lendi kapena la malipiro, musalimbane nalo ndi kudula kapena kuphimba ndi chala, afunseni eni pepalalo kuti ndalama izituluka pa madeti ati, alembe madetiwo ndi manambala pa pepala lomwelo, kenako musaine.